Misa ya ku Sassalto

Amene amawadziwa aNankhoma a ku Dedza amanena kuti mayiwa si munthu wamantha. Anakulira m'mapiri, akulima kachewere m'malo otsetsereka oti ena amayenda chokwawa, ndipo pamaliro ndiwo amayamba kulowa m'nyumba ya siwa kukasambitsa thupi anzawo akadakankhana pakhomo. N'chifukwa chake akayamba kufotokoza zomwe anakumana nazo ku Italy, anthu amangoti zii, chifukwa amadziwa kuti si mayi wokometsera nkhani.

Ku Italy anapitako chifukwa cha mlongo wawo wamng'ono, Bambo Fulgensio, wansembe yemwe ankaphunzira ku Roma. Mayi awo anamwalira Fulgensio akuyamwa, ndiye yemwe anamubereka kumsana ndi kumupukuta mamina anali aNankhoma. Atamaliza maphunziro, asanabwerere kumudzi, wansembeyo anawaitana achemwali akewo kuti adzaone dziko lomwe linamusunga.

Roma sanawasangalatse. Ankati kuli phokoso ngati pa depoti, ndipo anthu amayenda ngati akuthamangitsidwa. Choncho Bambo Fulgensio anabwereka kagalimoto kwa ansembe anzawo, nanyamuka nawo m'mamawa kupita kumapiri a ku Abruzzo, kukaona midzi yakalekale yomwe inamangidwa pamwamba pa zitunda.

Kumeneko ndiye mtima wawo unakhala pansi. Mudzi uliwonse unkaonekera patali, nyumba zamiyala zitasanjikizana pansonga pa phiri ngati chulu, nsanja ya belu ili pamwamba pa zonse. Tinjira ta m'kati tinali topanikiza, toti anthu awiri podutsana mmodzi azipendeka. Amayi ankayanika zovala pazingwe zochokera pazenera lina kukafika pa lina, ndipo pabwalo madoda anali pa makadi, tikapu ta khofi tili pambali.

"Koma anthuwa anasowa malo kuchigwa kuti azimanga m'mwamba muno?" anafunsa aNankhoma akupumira pa masitepe.

"Ankathawa nkhondo, achemwali. Adani akamabwera ankawaonera patali."

"Ndiye ndi anzathu. Makolo athunso anachita zomwezo pothawa Angoni."

M'mudzi wachiwiri ndi momwe zinthu zinayambira kupendekera. Atadya tchizi cha mkaka wa nkhosa ndi buledi wolimba, anadutsa pafupi ndi madoda a makadi aja. Mmodzi wa iwo, wa chipewa chotuwa, anayang'ana kolala yoyera yomwe inali pakhosi pa wansembeyo, nafunsa kanthu. Atayankhidwa, anaika makadi pansi n'kuyankhula motsitsa mawu. Anzake anasiya kusewera.

"Akuti chiyani?"

"Andifunsa njira yomwe tikulowera. Ndati yakumtunda. Ndiye akuti ndivule kolalayi ndiike m'thumba." Bambo Fulgensio anaseka. "Mwina akundimvera chisoni ndi kutenthaku."

ANankhoma anacheuka. Palibe mwa madodawo yemwe ankaseka.

Atafika pagalimoto, anapeza kachikwama kakuda kali pampando wakumbuyo. Kanali kachikwama komwe wansembeyo ankasungamo mafuta odzozera odwala. Iye anakayang'ana kanthawi, nati mwina anakatenga mosadziwa. Koma aNankhoma ankakumbuka bwino. M'mawa uja anakaona ndi maso awo katapachikidwa kuseri kwa chitseko ku Roma, ndipo amene anatseka chitsekocho anali iwo.

Msewu wakumtunda unali wokhotakhota, wopanda galimoto ina. Dzuwa linali paliwombo. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa, kenaka pena pake zinangoleka zonse pamodzi, ngati wina wazitsekera m'botolo. M'bata limenelo aNankhoma anamva belu. Linali kutali, lolira mwaulesi, ndipo kulikonse komwe anayang'ana kunalibe mudzi.

Atakhota pa thanthwe lina anaona mayi wokalamba ataima pakati pa msewu. Anavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, m'kutentha konseko. Sanakweze dzanja. Anangoima, ngati munthu wodziwa kuti galimoto yomwe akuidikira ndi yomweyi.

Bambo Fulgensio anatsitsa galasi. Gogoyo anawerama n'kuyankhula nthawi yaitali, mawu ake ali osakwera osatsika.

"Akuti kwawo ndi ku Sassalto, pamwambapo," anamasulira wansembeyo. "Wansembe anasiya kubwerako kalekale. Kuli munthu ali kayakaya, akufuna kudzozedwa."

"Adziwa bwanji kuti mudutsa pano?"

"Aona kolalayi."

"Abambo, kolala aiona mutaima kale. Tiyeni tipitirire, mukawauze ansembe a kuno."

"Achemwali, munthu akufa. Ndikakana ndidzayankha chiyani?"

Gogoyo analowa kumbuyo. Chitseko chinatsekeka, koma galimoto sinagwedezeke monga imachitira munthu akakhala pampando. M'katimo munadzaza fungo la dothi lonyowa, longa la m'dzenje lomwe angolikumba kumene. ANankhoma anayesa kucheuka kuti apereke moni, koma nthawi iliyonse gogoyo ankakhala atayang'ana kuzenera linalo. Mpaka lero akafunsidwa nkhope yake amati sakuidziwa. Amangokumbuka manja, atagwira kachikwama kakuda kaja pamiyendo.

Msewu unathera pa chipata chamiyala. Panali unyolo wadzimbiri wopingasa, ndi chikwangwani chomwe zilembo zake zinali zitafufutika. Bambo Fulgensio anaima n'kuchiwerenga, milomo ikugwedera pang'ono.

"Chikuti chiyani?"

"Chikuti nyumba zina n'zakale, tiziyenda mosamala."

Gogo uja anali kale mbali inayo ya unyolo, akukwera masitepe. Palibe yemwe anamuona akudumpha.

Mudziwo unali wokongola kuposa ina ija, koma mazenera onse anali otseka ndi matabwa. Wansembeyo anati ndi mwambo wa kuno, masana anthu amagona. ANankhoma anavomera ndi mutu, koma maso awo ankaona zina. Pamakomo panamera udzu wofika m'mawondo. Kunalibe utsi, kunalibe fungo la chophika, kunalibe chovala pachingwe. Kunalibe mphaka ngakhale mmodzi, pomwe m'midzi ina ija amphaka ankachita kupondedwa.

Komabe anthu analimo. M'nyumba ina munkamveka sipuni ikukanda mbale. M'ina wina anakoka mpando. Kwinako mwamuna anatsokomola chifuwa chakale. Akayandikira nyumba, phokosolo linkaleka. Akadutsa, kumbuyo kwawo kunkamveka mpiringidzo ukukokedwa pang'onopang'ono.

Anafika pabwalo laling'ono pomwe panali chitsime chouma. Gogoyo analoza khomo lina lalifupi, nalowa. Bambo Fulgensio anawerama kuti amutsatire.

"Ndilowe nawo," anatero aNankhoma.

"Mwina wodwalayo afuna kulapa. Khalani apo pamthunzi, sindichedwa."

ANankhoma anakhala pamwala m'mbali mwa chitsimecho. Anadikira. Mthunzi unawachoka, anasuntha, unawachokanso. Analowetsa dzanja m'chikwama kuti atenge kolona yawo yopempherera, koma sanaipeze, ngakhale anakhuthula zonse pa chitenje.

Belu lija linaliranso. Ulendo uno linali pamwamba pa mutu wawo.

Pomwepo zitseko zinayamba kutseguka. Anazimva bwinobwino, mahinjesi akulira uku ndi uku m'mudzi monse, koma chitseko chilichonse chomwe anachiyang'ana chinali chotseka, udzu wa pakhomo uli chilili. Kenaka mapazi. Nsapato zolemera za amuna, nsapato zamatabwa zogogoda pamiyala, ndodo ya munthu wotsimphina, timapazi ta mwana tothamanga n'kuima, kuthamanga n'kuima. Onse ankadutsa pabwalopo kulowera kumtunda. Chinachake chinakhudza chitenje chawo, monga imachitira siketi ya mnzako pamalo opanikiza. Bwalo linali lopanda munthu, dzuwa likuswa miyala.

ANankhoma anakhalabe pamwalapo. Mapazi aja atatha, anadzuka n'kupita pakhomo lomwe analowa mlongo wawo. Anaodira. Anaodiranso. Kenaka anakankha chitseko.

Nyumbayo inalibe denga. Pakati pake panamera mkuyu waukulu, mizu yake itang'amba pansi. Pakona panali bedi lachitsulo lodyeka ndi dzimbiri, lopanda matiresi, lopanda wodwala. Pabedipo panali kachikwama kaja kali kotsegula, ndi makiyi a galimoto. Khomo lina lotulukira panalibe.

Ali chiimire ndi makiyi m'manja, anamva mawu a mlongo wawo akuchokera kumtunda. Chitaliyana sankachimva, koma mayimbidwe a Misa ankawadziwa kuyambira ali mwana. Mawuwo atatha, gulu linayankha. Linali gulu lalikulu, koma mawu ake anali ouma, onga mphepo ikamadutsa m'munda wa chimanga chokhwima.

Amanena kuti apa ndi pomwe anaganizako zothawa. Chipata chinali kumunsi, njira ankaikumbuka. Anaima pakati pa bwalo, nkhope kumunsi, miyendo ikufuna kupita. Kenaka anamanga chitenje chawo molimba m'chiuno, natembenukira kumtunda.

Tchalitchicho chinali chogumuka mbali imodzi, dzuwa likulowera padenga. Mabenchi anali otuwa ndi fumbi, opanda munthu. Kutsogolo, paguwa la nsembe, Bambo Fulgensio anaima chofulatira, atavala mkanjo wa Misa wodyeka ndi njenjete, woti sanabwere nawo.

ANankhoma analowa m'kanjira ka pakati. Sikanali kotalika, koma kuyendamo kunali ngati kudutsa mumsika tsiku la msika waukulu. Ankagunda mapewa osaoneka, zigongono, misana yozizira ngati mtsuko wa m'mawa. Palibe chomwe chinawagwira, komanso palibe chomwe chinawapatsa njira.

"Abambo," anaitana atafika pafupi.

Wansembeyo anapitiriza pemphero lake.

"Bambo Fulgensio."

Wansembeyo anatembenuka, natambasula manja kwa anthu ake. Maso ake anawadutsa achemwali akewo ngati palibe munthu. Milomo inali itang'ambika ngati ya munthu yemwe wakhala masiku osamwa madzi, ndipo fumbi linali litayeretsa tsitsi lake. Ananena mawu ena, gulu lija linayankha kumbuyo kwa aNankhoma, pafupi kwambiri moti anamva mpweya wake pakhosi.

Chidzozedwere unsembe mlongo wawo, anali asanamutchulepo iwe. Koma panali dzina lomwe anamupatsa ali khanda, atatsala wopanda mayi, lomwe ngakhale ansembe anzake sankalidziwa. Anakwera paguwapo, namugwira padzanja monga umagwirira mwana yemwe wayandikira madzi akuya.

"Kalikokha. Iwe Kalikokha, tandiyang'ana."

Maso aja anaphethira. Anayang'ana dzanja lomwe lamugwira, kenaka nkhope ya mwini dzanjalo.

"Achemwali," ananong'ona. "Sindinamalize."

"Ukamalizira kwanu. Vula chimenecho, tiye."

Anamuvula okha mkanjowo, womwe unang'ambikira m'manja mwawo. Pamenepo mabenchi onse analira nthawi imodzi, monga amalirira mpingo wonse ukatembenuka kuti uone yemwe wasokoneza. Kenaka bata. Anamukoka mlongo wawo m'kanjira kaja, ndipo ulendo uno kunali kopanikiza kuposa poyamba.

Pakhomo panaima gogo uja, dzuwa lili kumbuyo kwake, nkhope ili mumthunzi. ANankhoma sanadziwe choti achite, choncho anachita chomwe akanachita kwawo. Ananyonyomala, nawomba m'manja mofatsa, nayankhula m'Chichewa.

"Pepani eni mudzi. Tinalowa osadziwa. Mwanayu ndi wamasiye, ndinalera ndine. Sindingamusiye kuno."

Gogoyo anawamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka ananena mawu ochepa, napatuka.

Anatsika masitepe osacheuka, atagwirana manja. Galimoto anaipeza itakutidwa ndi fumbi ndi masamba ouma, ngati yakhalapo sabata. Dzuwa linali litapendeka. Bambo Fulgensio anayendetsa mpaka kuchigwa, komwe anakumana ndi mbusa akuwolotsa nkhosa pamsewu. Wansembeyo anamufunsa za Sassalto. Mbusayo anati kumeneko anthu anasamukako agogo ake ali mwana, phiri litagumuka Lamulungu lina m'mawa, ndipo ambiri sanapezeke. Ankayankhula maso ali kumbuyo kwa galimoto, kumsewu womwe anachokera. Kenaka anavula chipewa nachigwira pachifuwa. Galimoto itanyamuka, aNankhoma anamuona pagalasi ataima choncho, mutu utawerama, monga amaimira munthu maliro akamadutsa.

"Gogo uja pakhomo paja anati chiyani?" anafunsa atayenda mtunda ndithu.

"Palibe chenicheni."

"Pachikwangwani paja munandinamiza. Musandinamizenso."

Wansembeyo anayankha maso ali pamsewu. "Anati tsogolani, tikupezani."

Anabwerera kwawo ku Dedza, ndipo Bambo Fulgensio anatumizidwa ku parishi ina kufupi ndi kwawo. Miyezi yoyamba kunalibe chomveka. Kenaka aNankhoma anayamba kumva kuti mlongo wawo akuwonda, ndipo pa Misa amaima pakati pa pemphero n'kumatchera khutu ngati wina akumuitana. Lamulungu lina anakwera minibasi kukadzionera okha. Anakhala pabenchi lakumbuyo.

"Ambuye akhale nanu," anatero wansembeyo.

Mpingo unayankha. Mawu a mpingo atangotha, kunabwera yankho lina, lochedwa, louma, la chiyankhulo china. Linkachokera m'mbali mwa makoma, momwe munalibe munthu. Amayi omwe anakhala nawo pabenchi sanamve kanthu, koma khanda lomwe linali kumsana kwa mmodzi linayamba kulira.

Misa itatha anamupeza atakhala yekha kuseri, manja ali pamutu.

"Mwawamva?" anafunsa wansembeyo.

"Ndawamva."

"Amabwera Misa iliyonse. Ya Chichewa saiwerengera. Akudikira yawo ija." Anapukuta nkhope. "Ndaganiza zobwerera, achemwali. Ndikaimalize."

"Mukabwerera kumeneko simudzatulukako. Ngati akutsatani mpaka kuno, apatseni Misa yawoyo konkuno, azipita."

Anasankha tsiku la pakati pa sabata, masana, ku katchalitchi ka m'mudzi mwawo komwe kali m'munsi mwa phiri. Munali awiri okha. ANankhoma anatseka chitseko, nagwada pakona. Bambo Fulgensio anayambira pomwe analekezera, m'Chitaliyana. Poyamba mawu ake ankanjenjemera, koma yankho litabwera analimba. Katchalitchiko kanazizira, fungo la dothi lonyowa linadzaza, ndipo mabenchi ankalira pogwada ndi podzuka. ANankhoma anatseka maso mpaka kumapeto.

Pomaliza wansembeyo anadalitsa, nawauza m'chiyankhulo chawo kuti Misa yatha, apite ndi mtendere. Gulu linayankha komaliza. Chitseko chomwe chinali chotseka chinatseguka chokha, ndipo mapazi anayamba kutuluka. Anatuluka nthawi yaitali, ochuluka kuposa omwe katchalitchiko kakanatha kusunga. Womaliza anali wa ndodo. Kenaka kutentha kwa masana kunabwerera.

Bambo Fulgensio anakhala pansi paguwa, thukuta lili kamukamu, akumwetulira koyamba chibwerere. ANankhoma anamuthandiza kudzuka, natuluka naye panja.

M'mudzi munali zii. Nkhuku zinali zitalowa pansi pa nkhokwe dzuwa lili paliwombo. Agalu anagona chafufumimba, michira ili pakati pa miyendo, onse atayang'ana mbali imodzi. Mayi wina yemwe ankasinja anaima munsi uli m'mwamba, akuyang'ana kanjira kokwera kuphiri, komwe kuli mabwinja a mudzi wakale wa makolo awo. M'kanjirako munalibe munthu, koma fumbi linkakwera pang'onopang'ono, ndipo udzu wa m'mbali unkagwedezeka popanda mphepo.

Kumwetulira kuja kunachoka pankhope ya wansembeyo.

"Achemwali," anatero motsitsa, "ndawauza kuti apite. Sindinawauze kopita."

Kuyambira chaka chimenecho, ana a m'mudzimo saloledwa kukatola nkhuni kuphiriko masana. Amayi omwe amalima kachewere chakumtunda amaweruka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo akafunsidwa amati ndi kutentha. Bambo Fulgensio ananenepanso, Misa zake amamaliza bwinobwino. Koma m'mudzi mwawo salowa atavala kolala, ndipo tsiku lomwe agonako, aNankhoma amayala mphasa yawo pakhomo la chipinda cha mlongo wawo, chopingasa, kuti aliyense wofuna wansembe ayambe wadutsa pa iwo.